Mphini za Agogo ndi Lamba Wanga Wakuda

Bondo langa lakumanzere limatupa nyengo yozizira ikafika, ndipo kuzizira kwa ku Gweru si kocheza nako. Mwezi wa Juni m'mamawa udzu wa kuno ku Senga umayera mbuu ngati wina wauwaza ufa. Papita zaka zitatu chindiuzireni adokotala kuti ndisiye karate, apo ayi ndidzayendera ndodo nthawi isanakwane. Mayi a kunyumba nawonso salephera kundifunsa akandiona ndikupinda zovala zoyera zija: "Abambo, pa msinkhu umenewu mukufuna kukamenya yani?" Ndimangoseka. Komabe Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse madzulo ndimakhala ndili m'kaholo kena kobwereka, opanda nsapato, pa simenti yozizira, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana amene ambiri mwa iwo ndi ophunzira a pa Midlands State University, sukulu imene inatsegulidwa m'chaka cha 2000 pompano pa Senga.

Yankho limene sindinawapatse mayiwo ndi lalitali, ndipo silikuyambira pa ine. Likuyambira ku Dedza, pa mnyamata wina amene anatsanzika amayi ake cha m'ma 1940 n'kunena kuti abwera mvula ikagwa kawiri.

Mnyamatayo anali agogo anga aamuna. Ulendo umene ananyamukawo unali utapondedwa kale ndi anthu ochuluka. Msonkho wa nyumba umene Angelezi anaika ku Nyasaland unkafuna ndalama, pamene ndalamazo zinali kum'mwera, ku Halale ndi ku Joni. Komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko. Chaka chotsatira, mu 1936, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano la kayendedwe ka antchito amenewa. Ena ankakwera malole a Ulere, ena pambuyo pake ankalembedwa ndi Mthandizi, koma ambiri ankangoyenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, mpaka kukatulukira ku Mtoko. Amene sanabwerere kumudzi ankatchedwa machona. Agogo anachona.

Anakafikira ku Selukwe, kumene lero timati Shurugwi, makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera pano. Chigawo chino cha Midlands chinamangidwa pa miyala: golide ndi chrome ku Selukwe, asibesito ku Shabani imene lero ndi Zvishavane, golide wa mgodi wa Globe and Phoenix ku Que Que, ndi ng'anjo za chitsulo ku Redcliff. Pena ndimaseka ndekha ndikakumbukira kuti Ian Smith anabadwira ku Selukwe komweko mu 1919. Iye ndi agogo anga anapuma fumbi la tauni imodzi, kungoti wina ankalipumira pakhonde, wina pansi pa nthaka.

Moyo wa mu komboni unalembedwa bwino ndi Charles van Onselen m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, ndipo zimene ndinawerengamo sizinasiyane ndi zimene agogo ankasimba. Munthu ankadziwika ndi nambala. Malipiro ankabwera tikiti ikadzadza, ndiye kuti masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene kapitawo wakana kulemba linali lotayika. Chitupa chinkanena kumene ungapite ndi kumene sungapite. Chilankhulo cholamulira chinali Chilapalapa. Anthu ankagonekedwa motsata mitundu yawo, Achewa uku, Ayao uko, Asena kwina, ndipo eni migodi ankakonda kuti zikhale choncho, chifukwa anthu ogawikana savuta kuweta. Sikuti zinkatheka nthawi zonse. Mu 1927 antchito a pa mgodi wa Shamva ananyanyala ntchito, ndipo otsogolera ambiri anali ochokera ku Nyasaland. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, nayenso anali atagwirapo ntchito m'migodi ya dziko lino asanapitirire kum'mwera.

Tsiku limodzi lokha pa sabata linali losiyana ndi ena. Lamlungu masana ng'oma zinkalira. Ayao ankavina beni atavala ngati asilikali, Achewa ankatulutsa gule, amene anzathu a Chishona mpaka lero amati zvigure. Ndipo pambali pa bwalo, pamene panalibe ng'oma, anthu ankapanga mkombero, amuna awiri n'kulowa pakati.

Nkhonya zinafika m'dziko lino ndi azungu, asilikali ndi apolisi makamaka, ndipo ena mwa iwo ankaganiza kuti masewerowa aphunzitsa munthu wakuda mwambo. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger analemba za nkhaniyi mu 1987. Iye anaonetsa kuti m'malokeshoni a Salisbury ndi Bulawayo, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, anthu akuda anazilanda nkhonyazo n'kuzisandutsa zawo. Magulu ankapangidwa motsata kwawo kwa anthu, malamulo a azungu ankatsatidwa pokhapokha ngati akomera anthuwo, ndipo mankhwala analowapo. Akuluakulu a boma ndi amishoni anayamba kuchita mantha ndi chinthu chimene ankayesa kuti chiweta anthu, mpaka anafuna kuchiika pansi pa ulamuliro wa makhonsolo.

Mankhwala amenewo ife timawadziwa dzina lake. Ndi mangolomera, ndipo Achishona amati mangoromera, liwu limodzi lomwelo m'milomo iwiri. Agogo anali ndi mphini zisanu ndi imodzi pamkono wakumanja, pafupi ndi chikhatho, timizere takuda tofanana kutalika. Anawatema ndi sing'anga wina wa ku Tete amene ankagwira ntchito yophika pa mgodi. Ankati munthu wa mangolomera mkono umamuyabwa, ndipo akasowa womenyana naye amakamenya mtengo. Ndili mwana ndinkaopa kukhudza mphinizo. Nditakula ndinayamba kuzinyoza mumtima, poti ndinali nditapita kusukulu. Tsopano ndakalamba ndipo sindiziopa kapena kuzinyoza. Ndimaziona ngati chizindikiro chokhacho pa thupi la agogo chimene anachisankha okha. Zipsera zina zonse, chala chophwanyika, msana wopindika, chifuwa chimene chinadzawatenga, anapatsidwa ndi mgodi wina wa golide umene sindiutchula dzina.

Iwo eni anazinena bwino kuposa ine. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene munthu wotopa ndi kuswa miyala sabata yonse ankakafunira kumenyedwanso Lamlungu. Anakhala chete kanthawi, akufwenkha fodya wawo, kenaka anati: "Mdzukulu wanga, Lolemba mpaka Loweruka thupi ili linali la mzungu. Lamlungu linali langa. Ndikafuna kuliphwanya ndinkaliphwanya ndekha."

Agogo analinso munthu wa kudambwe. Ichi n'chimene chinayenera kukhala cholowa changa, pakuti ndicho chimene aliyense amachitcha chikhalidwe cha Achewa, ndipo UNESCO inachilemekeza mu 2005. Koma bambo anga analowa tchalitchi ali mnyamata, ndipo mkangano wa amishoni ndi gule, umene unayambira kwathu ku Malawi kalekale, unawoloka nawo Zambezi. M'nyumba mwathu ng'oma zikayamba kulira ku komboni zitseko zinkatsekedwa. Sindinavinidwe. Zilombo ndinkazionera pa zenera monga ankachitira ana a Chishona, ndipo ndinkathawa monga iwo. Agogo sanakangane ndi mwana wawo pa nkhaniyi, mwina poti ankadya nsima ya m'nyumba mwake. Zinsinsi za kudambwe anapita nazo kumanda. Chimene akanatha kundipatsa popanda kulakwira mwambo kapena tchalitchi chinali chimodzi: kaimidwe, kapindidwe ka chibakera, ndi kusatseka maso nkhonya ikamabwera.

M'masiku a ubwana wanga mwana aliyense wa ku Midlands ankafuna kukhala Langton Tinago, amene tonse tinkamutcha Schoolboy. Anabadwira ku Shurugwi mu 1949, n'kudzakhala ku Gweru. Mu Disembala 1980, dziko litangolandira ufulu, anapita ku Lagos n'kukagonjetsa Hogan Jimoh kwawo komwe, natenga lamba wa Commonwealth. Lamba wa Commonwealth anautenga katatu konse, komaliza mu 1986 ku Manchester pamene anagonjetsa Graeme Brooke ali ndi zaka 36, msinkhu umene ankhonya ambiri amakhala atapachika kale magolovesi. Ku Harare kunali chimphona Proud Chinembiri, Kilimanjaro, koma ameneyo anali wa anthu a ku Mbare. Tinago anali wathu, wa Mkaranga ndi Mchewa yemwe, wa aliyense amene anakulira pafupi ndi mulu wa dothi la mgodi. Agogo ankamvera nkhani zake pa wailesi atatsamira khutu, n'kumaponya timankhonya m'malere. Tinago anamwalira mu Julayi 2018 kuno ku Gweru.

Ine sindinatsate Tinago. Chimene chinandikopa ndi kanema. Mafilimu a Bruce Lee ndi anzake ankaonetsedwa m'maholo a pa migodi mobwerezabwereza mpaka chithunzi kuchita mizeremizere, ndipo potuluka mwana aliyense ankakuwa ndi kuponya miyendo. Pamene munthu wina wogwira ntchito yamagetsi pa mgodi anayamba kuphunzitsa karate kuseri kwa holo, ndinali m'gulu la oyamba kulembetsa. Ndinali ndi zaka 13.

Agogo atandiona koyamba nditavala zoyera zija anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndavala zogonera za m'chipatala. Nditawaonetsa kamenyedwe ka mwendo anapukusa mutu: "Womenya ndi mwendo ndi bulu, osati mwamuna." Koma sanachoke. Anakhala pa mpando wawo wa ndalema n'kumandiyang'ana, ndipo patapita nthawi anadzuka, nandigwira chibwano n'kuchitsitsa, nandikankha phewa kuti aone ngati ndigwe. Ndinagwa. Anati aphunzitsi angawo andiphunzitse za ku Japan, koma za kuima adzandiphunzitsa okha. Kwa zaka zinayi, mpaka chifuwa chinawagoneka, ndinali ndi aphunzitsi awiri amene sanaonanepo. Mpaka lero chibwano changa chimakhala pansi kuposa mmene buku limanenera, ndipo akuluakulu oyesa malamba andidzudzulapo kangapo. Sindinasinthe.

Pali funso limene anzanga ophunzira amakonda kundifunsa, ndipo ndi funso labwino. Amati ngati ndikufuna chikhalidwe cha makolo, ndikuchifuniranji m'masewero a ku Japan? Bwanji osaphunzira ingoma ya Angoni, ya chishango ndi chibonga, kapena kukagwada kudambwe ngakhale mochedwa?

Kwa nthawi yaitali ndinalibe poyankhira, kufikira nditawerenga mbiri ya karate imene. Masewerowa si a ku Tokyo. Anachokera pa chilumba cha Okinawa, chimene Japan inachimeza mu 1879, ndipo anthu ake ankanyozedwa akapita kukafuna ntchito m'mafakitale a ku Osaka. Gichin Funakoshi atapita nawo ku Tokyo mu 1922, dzina lake linkalembedwa ndi chilembo chotanthauza dzanja la ku China. M'zaka za m'ma 1930 chilembocho chinasinthidwa kuti chizitanthauza dzanja lopanda kanthu, kuti chiyambi chake chachilendo chisaoneke. Ndipo mtundu wa karate umene ine ndimachita, Kyokushin, unakhazikitsidwa ku Tokyo mu 1964 ndi Masutatsu Oyama. Munthu ameneyu anabadwira ku Korea mu 1923, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa Japan, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Choi Yeong-eui. Anapita ku Japan ali mnyamata n'kutenga dzina la Chijapani.

Nditawerenga zimenezi ndinaika buku pansi. Bambo anga nawonso ali pasukulu anapotoza dzina lathu kuti lizimveka ngati la Chishona, atatopa ndi kutchedwa Mubhurandaya, ndiye kuti wa ku Blantyre, mzinda umene sanauonepo. Chithunzi chimene ndinakhala ndikuchiweramira zaka zonsezi pakhoma la holo chinali cha mtchona wina wa dzina lobwereka. Sindikunena kuti Oyama ndi agogo anga anali anthu ofanana. Wina anatchuka dziko lonse, wina anaikidwa m'manda opanda mwala. Koma ndikudziwa chimene chimachititsa mlendo wonyozeka kulimbitsa zibakera zake mpaka zichite zikang'a. Munda alibe, mfumu alibe, dzina ndi la eni. Chotsala n'thupi.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino m'chaka cha 2002. Nyumba ya malamulo inali itasintha lamulo la unzika mu 2001, kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa Zimbabwe. M'nyengo yomweyo Pulezidenti Robert Mugabe anali atanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, ndipo tonse a magazi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tinamva kuti mwalawo walunjika ife. Ndinaima pamzere pa ofesi ina masiku atatu kuti ndikane dziko limene ndinali ndisanalipondepo. Mapepala sanatheke. Pa chitupa changa panali chilembo A, kutanthauza mlendo, ndipo chaka chimenecho sindinavote m'dziko limene ine ndi bambo anga tinabadwira. Zinakonzeka ndi malamulo atsopano a dziko a mu 2013, amene anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. Koma zaka 11 si masiku.

M'zaka zimenezo migodi nayo inkafa. Ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zinazima mu 2008, mgodi wa asibesito ku Zvishavane unaima, ndipo mabanja a machona, amene analibe mudzi wothawirako monga anzawo a Chikaranga, anatsala m'nyumba za kampani akudikira tsiku lothamangitsidwa. Anyamata ambiri analowa m'maenje kukakumba golide pawokha, ndipo ena anatola zikwanje. Dzina la Shurugwi linayamba kutchulidwa m'nyuzipepala pa nkhani za magulu achiwembu. Chimenechi chimandiwawa, chifukwa nkhonya za agogo zinali ndi mkombero, zinali ndi mboni, ndipo wogwa ankadzutsidwa. Ine masiku amenewo ndinkapita ku holo ngakhale m'mimba muli pululu. Kumeneko kunalibe wofunsa chitupa. Lamba ankanena za thukuta lako basi. Pamene Samson Muripo anakatenga ukatswiri wa dziko lonse wa Kyokushin ku Osaka mu 2009, tinavina m'holomo ngati tapambana ndife, Mshona, Mndebele ndi ife a chilembo A.

Pasipoti nditaipeza, mu 2014, ndinakwera basi kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka mlatho wa pa Tete, kukwera mapiri a Angónia mpaka kulowa pa chipata cha Dedza. Ulendo umene agogo anauyenda masabata ine ndinauyenda tsiku limodzi ndi theka. Mudzi ndinaupeza. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, koma ana ankaseka Chichewa changa chosakanikirana ndi Chishona, ndipo aliyense ankanditcha Mzimbabwe. Mayi mmodzi yekha wokalamba kwambiri ndi amene anakumbukira dzina la agogo. Anati: "Ee, uja anachona uja. Amake analira mpaka kufa." Tsiku lachitatu kunali gule pa mwambo wa chiliza, ndipo ine, bambo wa imvi, ndinauzidwa mwaulemu kuti ndiime patali pamodzi ndi osavinidwa.

Ndinawafunsa akuluakulu za nkhonya za agogo. Palibe amene ankadziwa. Mangolomera ankawadziwa, koma za mkombero wa Lamlungu, za magolovesi osokedwa ndi chinsalu cha tenti, za mayina a ankhonya a pa komboni, zinali nkhani zachilendo kwa iwo monga zilili za ku Okinawa. Pobwerera m'basi muja ndi pamene ndinazindikira kuti ndinapita kukafuna cholowa changa kumene sichinali. Agogo anachoka ku Dedza ali ndi zaka zosakwana 20, ndipo anakhala ku Selukwe zaka zoposa 40. Zimene anapanga kumeneko pamodzi ndi Asena, Ayao ndi Akaranga, m'chilankhulo chosakaniza, ndi masewero obwereka kwa msilikali wachingelezi ndi mankhwala a mphika wa ku Tete, n'chikhalidwe ndithu, ngakhale kuti palibe bungwe limene lidzachilembe m'kaundula. Akatswiri monga Anusa Daimon ndi Zoë Groves ayamba kulemba mbiri ya machona a m'dziko lino, ndipo ndimawathokoza. Koma kaimidwe ka munthu sikasungika m'buku. Ndikasiya kupita ku holo, chibwano chotsika chija chithera pa ine.

Pa karate timawerenga m'Chijapani: ichi, ni, san, shi. Nditabwerako ku Malawi ndinayamba chizolowezi china. Mphindi khumi zomaliza, pamene tikulimbitsa zibakera pa simenti, ndimawerenga m'Chichewa monga ankachitira agogo pondikankha phewa. Ophunzirawo poyamba ankaseka, kenaka anazolowera, ndipo amabwereza pambuyo panga osadziwa kuti n'chilankhulo chanji.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina wa chaka choyamba pa yunivesite, wochokera ku Zvishavane, wa dzina la Chishona ndi Chishona chosalala bwino. Tsiku lake lachiwiri ndinawerenga kuti chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, ndipo mpweya unandithera chifukwa bondo linali litayamba kale. M'holo munakhala zii. Kenaka kumbuyo kunamveka mawu aang'ono: "Zisanu n'chimodzi." Onse anatembenuka. Iye anachita manyazi, nati agogo ake aakazi ankawerenga nkhuku motero madzulo pozitsekera, ndipo anali asanamvepo munthu wina aliyense akuwerenga choncho. Titaweruka anandifunsa m'Chishona ngati ndikudziwa kumene kuli Ntcheu. Ndinamujambulira mapu ndi chala pa fumbi la pazenera, ndipo ndinamuuza kuti Lachinayi abwere msanga, awerenge ndi iyeyo, ine ndikhale pa mpando ndi bondo langali n'kumaona ngati chibwano chake chili pansi.